Zilembo Zimene Ndinalemba Pakhomo pa Feliya

Senderani kuno, ana inu, pansi pa nimu pano. Iyayi, m'nyumba ayi. Za lero tichitira pabwalo, dzuwa lili pamutu chonchi, kuti aliyense wodutsa m'njiramo atione. Tadala, katenge buku lako la masamu, lija lachikuto chothothoka. Limbani, foniyo iike m'thumba, siithawa. Chisomo, tasalaza mchengawu ndi dzanja, ndikufuna poti ndilembe.

Musanamizire kuti simunamve. Ndinakuonani dzulo pochokera kumjigo, nonse atatu mitu zyolizyoli, osandipatsa ndi moni yemwe. Mudzi wonse ukuti agogo anu a Yonasi ndi mfiti. Akuti ndinakalemba zizindikiro pakhomo pa Feliya, mayi anu aang'ono aja, n'chifukwa chake kamwana kake kagonekedwa kuchipatala. Mawa m'mawa akubwera alamu anga a Dizimasi, mlongo wawo wa malemu agogo anu aakazi, amene ndi mwini mbumba pano. Akudzanena ngati ndikhale kapena ndipinde mkeka wanga ndizipita kwathu. Ndikuuzeni zoona, ndili ndi mantha. Ndakhala nawo chiyambire Lachinayi.

Kulemba ndinalembadi, sindikana. Koma zimene ndinalembazo ndi zilembo, ana inu, zilembo za Chigiriki, zofanana ndi a, b, c wanu wa kusukuluyu. Vuto ndi lakuti mutu wangawu ndi wosadalirika masiku ano. Mawa ndikhoza kuimirira pamaso pa anthu n'kungoti kukamwa yasa. Ndiye ndati ndikuuzeni lero kumene ndinazitenga ndi mmene zimatchulidwira, mutu udakali m'malo mwake.

Ine sindine wa kuno kwa Maseya, mukudziwa. Ndinabadwira kumunsi, tsidya la Bangula, m'mphepete mwa dambo, kwa asodzi. Kupalasa bwato ndinayamba ndisanadziwe kumanga kabudula. Inu mukadzuka mukufuna tiyi wa shuga, mandasi akachepa milomo tuu. Ife chaka cha njala tinkalowa m'madzi mpaka m'khosi kukazula nyika, timizu takuda tija towawa, ng'ona zikutiyang'ana poteropo. Wodandaula panalibe, chifukwa wodandaula ankagona ndi njala.

Sukulu ndinaphunzira yaudzu, ndipo kuwerenga ndinkakutha kuposa anzanga. Lamulungu lililonse ankandiimika kutchalitchi kuti ndiwerenge mawu, poti ndinali ndi mawu akulu, ofika mpaka kugombe. Tsiku lina akuluampingo anabwera kwa bambo anga n'kunena kuti mnyamatayu apite kumtunda akaphunzire ubusa. Bambo anapitiriza kusoka ukonde wawo. Kenaka anati, “Nanga miono yanga adzivuula ndani?” Koma anavomera. Tsiku lonyamuka anandiperekeza mpaka pasiteshoni, n'kundiuza m'Chisena chawo chija kuti, “Famba mwadidi, mwananga.” Basi, mawu ake anali omwewo.

Inde Limbani, siteshoni. Usaseke. Njanji ija mumaiona mbuzi zikugonapo ku Bangula inkayenda sitima yeniyeni, yolira mpaka nkhuku kubalalika. Mayi anandimangira kamba wa mlamba wowamba ndi mikate ya mapira pansalu. Sitima itayamba kukwera mapiri ndinagwira mpando ndi manja onse awiri, chifukwa chibadwire ndinali ndisanaone nthaka itaimirira. Ndipo kuzizira kwa kumtunda, abale! Ine mwana wa kuchigwa, wozolowera kugona panja osafunda, mano anali gwedegwede mwezi wathunthu. Anzanga ankandiseka kuti ndimanunkha nsomba. Ankanditcha Makakana, dzina la nsomba ya kwathu ija, ndipo ndinkalusa nalo kwabasi.

Tsono kumeneko anatiuza kuti mawu a Mulungu amene timawerengawa, ena analembedwa poyamba m'Chigiriki, ndipo mbusa ayenera kudziwako pang'ono. Wotiphunzitsa anali abusa ena aafupi, a dazi, ochokera kumpoto, dzina lawo a Gondwe. Tsiku loyamba analowa osapereka moni, n'kudzaza bolodi lonse ndi tizinthu topindikapindika. Ine mumtima ndinati, mayo, ndabwerera chiyani kuno, si bwenzi ndili m'bwato mwa bambo. Iwo anatembenuka n'kuti, “Zilipo makumi awiri ndi zinayi. Wosazidziwa pofika Lachisanu asadzalowe muno.”

Taonani ndilembe. Ichi choyamba, chonga kansomba koyang'ana kumanzere, ndi alefa. Dzinali mumalimva kutchalitchi pamodzi ndi omega, chomwe ndi chomaliza. Chimalira kuti a, monga mu mawu akuti atate. Ichi chamimba ziwiri ndi beta, b. Ichi chonga mphanda ya legeni ndi gama, g. Ichi changodya zitatu ndi delita, d. Chisomo, ukuseka chiyani? Dzanja likunjenjemera chifukwa cha ukalamba, si kuti zilembozo n'zokhota chonchi.

Zovuta zinali kutsogolo. Pali zitatu zimene ophunzira onse ankazitchula mosiyanasiyana: theta, phi ndi khi. Ena anali atamva kwa azungu kuti theta umatchula utaluma lilime, ngati munthu woguluka mano. A Gondwe anamenya tebulo. “Siyani zimenezo! Azungu alibe mawu amenewa m'kamwa mwawo, n'chifukwa chake amavutika. Inu muli nawo. Nenani thumba.” Ife tinati thumba. “Ameneyo ndiye theta. Nenani phiri.” Phiri. “Ameneyo phi. Nenani khasu.” Khasu. “Khi. Agiriki akalekale ankatchula choncho, ndi kampweya pambuyo. Mukufuna kutaya chanu n'kukatola cha munthu amene akulephera?”

Kenaka tinafika pa psi. Ha! Pamenepo m'kalasi munali chisokonezo. Wina akuti pisi, wina akuti sai, wina malovu okhaokha. A Gondwe anayenda mzere ndi mzere mpaka anafika pa ine kumbuyo, pamene ndinkabisala nditafunda bulangete. “Iwe wa kuchigwa, tayesa.” Ine ndinati psi, kamodzi n'kamodzi. Nanga si ife timati moto wapsereza udzu, chimanga chapsa, mango akupsa? Iwo anangoti chilili, n'kuvula magalasi. “Bwerezanso.” Psi. “Mwamumva? Ine chilembo chimenechi ndinalimbana nacho chaka chathunthu, mnyamatayu wabwera nacho m'kamwa kuchokera kwawo.” Ana inu, chibadwire munthu wophunzira anali asanandiyamikepo pagulu. Tsiku limenelo sindinamve kuzizira. Pofika Lachisanu zonse makumi awiri ndi zinayi zinali m'mutu muno, ndipo dzeta ndi ksi ndinkaphunzitsa ndine anthu amene ankanditcha Makakana aja.

Ubusawo sindinaumalize, mukudziwa nokha kuti agogo anu sanavalepo kolala. Nditatha miyezi isanu kunabwera kalata. Mvuu inagubuduza bwato la bambo, iwo anapulumuka koma mwendo unathyoka pawiri. Kunyumba kunali azing'ono anga asanu, wowaphera nsomba palibe. Ndinakatsanzika kwa a Gondwe. Iwo anandipatsa kabuku kakang'ono ka Chigiriki, n'kuti, “Ukabwerenso miyendo ya bambo ako ikalimba.” Ndinati ndidzabwera. Sindinabwerere. Kabukuko ndinakasunga zaka zambiri m'chitini, koma madzi osefukira aja amene anatigonetsa kusukulu iwe Tadala ukukwawa anapita nako. Kakanakhalapo, bwenzi mawa ndikungokatulutsa, nkhani n'kutha.

Chimene ndinabwera nacho kuchokera kumtunda ndi zilembo zokhazo. Chiganizo cha Chigiriki sindingawerenge ngakhale chimodzi, musandione ngati katswiri. Koma zilembozo ndinkazikonda monga mmene ena amakondera fodya. Pokavuula miono m'mamawa ndinkatchula chilembo chimodzi pa nkhafi iliyonse. Kuchoka pagombe kufika pa mono woyamba, madzi akakhala odekha, ndinkafika ndili pa omega. Madzi akakwiya ndinkayambanso kachiwiri. Miono yanga ndinkaiikanso zilembo, ndikuzokota patimitengo toyandama, kuti isasokonezeke ndi ya anzanga. Ena ankamanga kansanza, ena ankacheka mizere itatu, ine wanga anali lamuda ndi sigima. Palibe anadabwa nazo masiku amenewo. Ankangoti ndi za kusukulu kwa Yonasi.

Ndikuuzeni china choseketsa, mwina mtima ungatsikeko. Chaka china ku Bangula kunabwera mzungu wokonza makina a thonje, ndipo anthu anati ameneyu ndi Mgiriki. Ine kumva choncho mtima unadumpha. Ndinasankha mlamba wonenepa, n'kukamudikira pachipata. Atatuluka, manja ali bii ndi mafuta, ndinaimirira mowongoka ngati msilikali n'kuyamba: alefa, beta, gama, delita. Munthu uja anaseka mpaka kugwira mpanda. Chichewa ankachidziwa cha pamsika. “Beta? Beta ayi, bwana. Vita!” Ine ndinati iyayi, beta. “Vita! Eta ayi, ita. Mu ayi, mi. Nu ayi, ni. Tau ayi, tafu.” Ndinaganiza kuti a Gondwe anatinamiza miyezi yonse ija. Koma iye atapukuta misozi anandigwira paphewa n'kunena kuti, “Iwe sunalakwe. Iwe ukutchula ngati makolo athu amene anafa kalekale. Ine ndikutchula ngati amayi anga pamsika lero.” Mlambawo anatenga, ine ndinati takhuta, zikomo wa m'Chisena chathu, tinasiyana bwino. Koma mawu akuti ndimatchula ngati anthu akufawo musakawanene mawa, mwamva? Angandionjezere mlandu wina.

Agogo anu aakazi, a Esitere, ndinakumana nawo pamsika ndikugulitsa nsomba zouma. Kwathu timalowola, mkazi ndiye amabwera kwa mwamuna. Koma iwo anati, “Ine kwa mayi anga sindichoka, ngati mukundifuna mubwere ndinu.” Azibale anga anandinyoza kuti ndagulitsa umuna, koma ndinabwera, ndinalowa chikamwini, n'kumanga nyumba pamalo amene anandiloza. Munda uwu si wanga, ana inu. Mtengo uwu ndinadzala ndine koma nthaka yake si yanga. Zaka zoposa makumi anayi ndakhala pano, ndakumba manda a anthu a pano, ndaperekeza odwala a pano, komabe mkamwini ndi mkamwini. Agogo anu atamwalira anandisudzula monga mwa mwambo, ndipo ndikanapita nthawi yomweyo mayi anu a Malita akanapanda kugwada pamaso pa a Dizimasi kuti bambo akhale.

Ndiye akati ndipite kwathu, kwathu kwake kuti? Pamene panali mudzi wa bambo anga lero pakuyenda mabwato. Mtsinje unasintha njira, unadya nyumba, unadya ndi manda omwe. Azing'ono anga awiri anamwalira, ena anawolokera ku Mozambiki, sindikudziwa ngati ali moyo. Ndikatsika minibasi pa Bangula ndi mkeka wangawu, ndikhotera dzanja liti? Chimenechi ndiye chikundidya.

A Esitere akanakhalapo, nkhani yonseyi bwenzi itatha ndi kuseka. Iwo zilembozi ankazidziwa mpaka pa chachikhumi, kapa, chifukwa chondimva ndikupalira. Ankati, “Mwayambanso nyimbo yanu ya achule ija?” Poti ksi ndi psi ankati ndi kulira kwa achule. Nthawi zina akandipsera mtima ankandiitana ndi dzina la chilembo china kuti, “Inu a Omikironi, madzi osamba azizira.” Onse amene ankadziwa za miono yanga anapita. Nditasiya usodzi ndinasiyanso kutchula mokweza, ndiye a m'badwo wa mayi anu sanazimvepo. Kulakwa kwanga n'komweko, ndinazisunga ndekha ngati mbewu yobisa.

Tsono mvetserani bwino, chifukwa apa ndiye pagona nkhani. Chaka chathachi mutu wanga unayamba kudontha. Poyamba zinali zazing'ono. Ndinafunafuna khasu m'mawa wonse lili paphewa panga. Ndinathira mchere mu tiyi, inu munaseka, inenso ndinaseka. Kenaka tsiku lina ndinayang'ana mayi anu akupeta mapira, mwana wanga wobala ndekha, dzina lawo osabwera. Linabwera patapita kanthawi, koma thukuta linali kamukamu. Anapita nane kuchipatala, adokotala anati ndi matenda a ukalamba, ubongo umatopa, ndipo zizinkirankira. Mayi anu anandipempha kuti tisauze anthu, poopa zomwe zachitikazi.

Kuyambira pamenepo, m'mawa uliwonse ndikadzuka ndimawerenga zilembo zanga, monga mmene munthu amawerengera mbuzi potuluka m'khola. Zikakwana makumi awiri ndi zinayi ndimadziwa kuti lero ndilipo. Masiku ena zimakwana. Masiku ena nu ndi ksi zimasowa, ndimachoka pa mu n'kupezeka ndili pa omikironi, osadziwa kuti ndadumpha bwanji. Tsiku lotero ndimakhala pakhonde, sindipita kutali.

Lachinayi zinakwana zonse, n'chifukwa chake ndinapita kudimba kukadula mbewu ya mbatata. Pobwera, dzuwa litakwera, ndinafika pamphambano paja pali mtengo wa masau. Ndinaima. Ana inu, njira imeneyo ndaiyenda kuyambira mayi anu asanabadwe, koma tsiku limenelo sindinaidziwe. Nyumba zonse zinali zachilendo. Ndinayang'ana uku, ndinayang'ana uko, palibe chimene ndinazindikira. Ndinayesa kukumbukira kumene ndikupita, zii. Ndinayesa dzina langa, zii. Simungamve mantha ake, ndipo ndikupempha Mulungu kuti musadzawamve. Ndinakakhala pamthunzi wa nyumba imene inali pafupi, osadziwa kuti ndi ya yani.

Chokhacho chimene ndinachipeza m'mutu muno chinali alefa. Ndinachigwira ndi manja awiri. Ndinatola kamtengo n'kuyamba kulemba pansi, ndikutchula mokweza kuti ndizidzimva. Alefa, beta, gama. Ndinaona kuti chilichonse chikukoka chinzake, ndiye ndinapitiriza, mzere wonse kudutsa pakhomopo. Ndili chakumapeto, chitseko chinatseguka. Anali Feliya, beseni lili m'manja, mwana ali kumsana. Anakuwa.

“Bambo aakulu! Mukutani pakhomo panga?”

Ine ndinamuyang'ana osamudziwa. Ndipo poopa kuti ndikayankha zina mzere undithawa, ndinamuyankha chimene chinali pakamwa. Ndinati, “Psi.”

Beseni linagwa. Ndinalemba chomaliza, ndinati omega, ndipo nthawi yomweyo nkhope yake inabwera, dzina lake linabwera, mudzi wonse unabwerera m'malo mwake. Ndinati, “Feliya mwanawe, pepa, ndinasokera.” Koma anthu anali atadzaza kale. Wina analoza theta, kozungulira kokhala ndi mzere pakati kaja, n'kuti ili ndi diso. Wina analoza psi n'kuti ili ndi phazi la kadzidzi. Wina anati ksi ndi njoka. Mnyamata wina anajambula ndi foni, ndipo ndamva kuti chithunzicho chafika mpaka ku Nchalo. Ndinayesa kufotokoza, koma lilime linali lolemera, ndipo munthu wosokera m'mudzi mwake masana, akuyankhula zosamveka, ndani angamumvere? Madzulo omwewo mwana uja thupi linatentha.

Mayi anu apita kukamuona, akuti achipatala apeza malungo. Ine ndikukhulupirira. Ndipo Feliya sindikumuda, musamudenso inu. Mayi amene mwana wake akubuula amafuna pogwira. Kamwana kameneko ndinakanyamula ndine tsiku lotuluka m'chikuta, kanandikodzera pamalaya anga a tchalitchi. Ndikukapempherera m'mawa ndi madzulo, ndipo sindibisa, ndikukapempherera chifukwa cha iko komanso chifukwa cha ine. Kakapanda kuchira, sizidzakhalanso za kupinda mkeka. Mumamva pawailesi zimene anthu amachita ndi nkhalamba zonenedwa ufiti. Dzulo ana ena anaponya miyala padenga panga, mayi anu sindinawauze.

A Dizimasi si munthu woipa. Tinalima limodzi thonje, tinamwa limodzi thobwa pamaliro ambirimbiri. Koma mbumba yawo ikulira, ndipo iwo ayenera kuoneka kuti achitapo kanthu. Anatuma mawu kwa mayi anu akuti, “Alamu akatiuze okha kuti zimene analembazo n'chiyani, anthu onse akumva.” Mwaona? Akufuna ndikanene ndekha. Nanga mawa likakhala tsiku limene nu ndi ksi zasowa? Ndikakakamira pakati, adzati waona, akubisa.

Tadala, tsegula bukulo. Pita pamasamu a zozungulira aja unkandidandaulira. Eya, apo! Kachilembo ka miyendo iwiri ndi denga ako, aphunzitsi ako amati chiyani? Pai? Ife tinkati pi, koma usakakangane nawo, wolemba mayeso ndiwe. Ameneyo ndi wachikhumi ndi chisanu ndi chimodzi pamzere wanga. Tsegulanso kutsogolo. Ako, kali pangodyapo. Si theta ameneyo? Si diso lija akunena kuti ndinaika pakhomo pa Feliya? Ambuye! Lili m'buku la boma, ana onse a fomu yako amalilemba ndi manja awo. Ika chala pamenepo, upinde tsambalo. Mawa ukadzaona kuti ndakakamira, udzangoimirira mwaulemu n'kukawaonetsa a Dizimasi. Iwo kuwerenga amatha.

Koma pali china, ndipo ndikapanda kukuuzani ndikhala ndakupusitsani. Mukudziwa chimene amanena kawirikawiri za nkhalamba ngati ine: akuti imaphunzitsa ana ufiti. Ndiye taonani chimene ndikuchita pano. Ndakukhazikani pansi atatu, ndikulemba zomwe zija pamchenga, ndikuti nenani pambuyo panga. Wofuna kunena zoipa wapeza ponenera. Mwina mawa kusukulu anzanu adzakuthawani. Mwina kumjigo adzakuchotserani ndowa pamzere. Ndalingalira zimenezi masiku atatu, mtima ukundikoka uku ndi uku. N'chifukwa chake ndakana za m'nyumba, ndipo mayi anu ndawapempha kaye, anati, “Bambo, afunseni okha, ndi akuluakulu.” Ndiye ndikukufunsani. Amene akuopa anyamuke, sindimukwiyira, ndipo adzakhalabe mdzukulu wanga.

Palibe? Limbani, iwenso? Ndimayesa iwe ndiye uyamba kuthawa, poti ngakhale galu wa a Feliya umamuzungulira kutali. Chabwino. Takhuta, ana anga. Musandiyang'ane choncho, ndi utsi wa kukhitchini wandilowa m'maso.

Tiyeni tsono, nthawi ikutha. Zinayi zija mwaziona. Chachisanu ndi epsiloni, e wamfupi, monga mu mawu akuti mera. Nenani. Osati episoni, Chisomo, epsiloni, ps yemwe uja wa kupsa. Chotsatira dzeta, monga dzira, monga dzungu. Kenaka eta, e yemweyo koma womukoka, ee, ngati ukuvomera monyinyirika, mmene amavomerera Limbani akatumidwa kumjigo. Theta mwamudziwa, thumba. Yota ndi kamzere kamodzi basi, kochepetsetsa pa zonse, i. Kapa, k wopanda mpweya, monga kalata. Zakwana khumi. Bwerezani kuyambira poyamba, ine ndikuloza.

Eya! Mwaona kuti si zovuta? Tadala wagwira kale. Chisomo, iwe wadumpha eta, bwerera. Tikamaliza izi tilowa lamuda, mu, nu, tipume pang'ono, kenaka madzulo ano timalize zotsalazo. Pofika mawa m'mawa mudzakhala mukuziimba ngati...

Tamverani. Imeneyo si njinga yamoto? Yaima pati? Limbani, taimirira uone. Pakhomo pa Feliya? Watsika ndani, wa chipewa choyera?

A Dizimasi. Kalanga ine, anati mawa. Anati mawa m'mawa, lero abwereranji? Kodi kuchipatalako kwachitika chinachake? Tamvetserani, kukumveka kulira? Ine makutuwa sandithandiza. Palibe akulira? Mukunena zoona? Chabwino, ndiye mwina angofulumira. Koma taonani anthu akutuluka m'nyumba, akulondola pambuyo pawo. Akubwera kuno.

Chisomo, ukutani? Chotsa phazi. Usafufute, mwanawe, ndikudziwa ukufuna kunditeteza, koma tikafufuta ndiye kuti tavomera kuti n'zobisa. Zisiye zionekere choncho. Tadala, tsamba lija usalitaye. Limbani, katenge mpando uja wa ndalema uwaikire agogo ako a Dizimasi apa pamthunzi, uwalandire ndi manja awiri. Mukatero mudzakhale pafupi nane, wina uku wina uku. Inu mwafika pa kapa, kuchokera pamenepo ndiyesa ndekha.

Fikani, alamu, fikani. Mwayenda bwanji? Khalani apa. Nonse fikani, malo alipo. Munati ndinene ndekha zimene ndinalemba, anthu onse akumva. Ndi izi zili pansizi, sindinabise. Ndizitchula chimodzichimodzi, kuyambira ichi choyambachi. Ichi ndi...

Ichi chonga kansombachi ndi...

Ana inu, tandiyambitsani.